Thandizo akuluakulu: tikufuna kupanga preamp ya ma valve koma tasemphana maganizo

Moni nonse. Ndife anyamata asanu, ena amakonza mawailesi ena timangokonda nyimbo basi, ndiye tikumasonkha kandalama mwezi ndi mwezi kuti tipange tokha preamp (kachipangizo kokweza signal isanalowe mu amp) ya ma valve, timababu tagalasi tija ta m'mawailesi akale, yoika pakati pa CD player ndi amp yathu ya ma transistor. Nkhani yavuta apa, atatu akuti tingoitanitsa tima kit ta valve ya 6J1 ta ku China tija toyendera 12V, totchipa komanso sitingaphe munthu, koma ine ndi mnzanga tikuti ngati nkupanga tipange zenizeni, valve ya 12AX7 pa 250V, chifukwa cholinga nkuphunzira osati kungowotcherera pa board yojambula wina kale. Vuto ndi transformer ya high voltage, m'mashopu sitikuipeza ndipo kuitanitsa kunja ndi yolemera, shipping yokha itha ndalama yonse. Komanso mmodzi mwa ife amabwera ndi mphwake wa Form 2 wogwiragwira chilichonse, chimenechi chikundidetsa nkhawa kwambiri. Amene munapangapo, tiyambire pati?

Woyankha 1: Achimwene 12AX7 mwaisankhira chani? Imene ija mu yake, ndiko kuti mphamvu yake yokulitsa signal, ndi 100, imayenera pa gitala kapena phono pomwe signal ndi yochepa zedi. CD player imatulutsa kale 2V, mukangokhudza volume pang'ono amp yayamba kukuwa ndi tsiiii pamwamba. Tengani 12AU7, dzina lina ECC82, mu yake ili cha m'ma 17 mpaka 20, miyendo yake ndi chimodzimodzi 12AX7, socket ndi yomweyo.

Woyankha 2: Za transformer musadandaule ana anga, ife tinkachita chonchi. Pezani ma transformer awiri wamba a 230V kupita 12V, oyamba akhale okulirapo. Lumikizani 12V ya oyamba ku 12V ya achiwiri, ndiye mbali ya 230V ya achiwiriwo ikupatsani high voltage yosakhudzana ndi magetsi apakhoma, mukaika bridge ndi ma capacitor a 400V mupeza cha m'ma 250V kapena kupitirirako. Heater, kawaya kotenthetsa valve, imadya 150mA yokha pa 12.6V, mutenga pa oyamba pomwepo. Koma chonde musayerekeze kutenga 230V yapakhoma molunjika kuti musunge ndalama, chassis yonse imatha kukhala ndi moto.

Wofunsa: Zikomo madala, izi sitinaziganizire nkomwe. Ma transformer a m'mawailesi akufa angagwire?

Woyankha 2: Agwira, bola muyeze kaye ndi multimeter ndipo asanunkhe kupsa.

Woyankha 3: Ine yanga ndi ya mwanayo. Ma capacitor amasunga moto ngakhale mutazula pulagi, munthu nkumaona ngati chazima kumene. Ikani bleeder resistor ya 220k 2W yoti izichotsa motowo, fuse, chassis ipite ku earth, ndipo musanalowetse chala yezani kaye. Poyeza chili choyaka dzanja limodzi likhale m'thumba. Mwanayo musamuthamangitse ayi, mugulireni ka 6J1 kaja aphunzirepo kuwotcherera, mkati mwake voltage imangofika cha m'ma 56V, ndipo anzanu atatu aja nawonso mitima ikhala pansi.

Woyankha 4: Chomwe chidzakulizeni ndi hum aise, phokoso la mmmm lija, osati voltage. Mawaya a heater muwapote ngati chingwe adutse m'mphepete mwa chassis, ma ground onse akumane malo amodzi, ma transformer kutali ndi input. Ikamalirabe mmmm ya 50Hz sinthani heater ikhale ya DC.

Wofunsa: Tamva ndithu, Loweruka tikakambirana za 12AU7 ndi ka kit ka mwanayo. Funso lina, pali munthu pano amene akutumiza valve yomweyo yatsopano ya kampani ya JJ ya ku Slovakia, kapena tingodalira zakale zochotsa m'mawailesi? Tilibe tube tester ndiye sitikudziwa kuti yakaleyo tingaiyeze bwanji tisanapereke ndalama.