Kodi ma update a Windows tiziwapanga kangati mu labu ya sukulu?

Mphunzitsi wa makompyuta, Tsangano

Moni aphunzitsi anzanga ndi akatswiri nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira pamene teremu ino inayamba. Mu labu yathu muli makompyuta 14, ndipo 9 mwa iwo ali ndi Windows 11 pamene 5 ndi akale a Windows 10. Intaneti timagula ya bandulo ndi ndalama za sukulu. Mwezi watha bandulo imene timayembekezera kuti itifikitsa kumapeto kwa mwezi inatha m'masiku anayi okha, chifukwa kompyuta iliyonse inkadzitsitsira yokha ma update, amene ndi mafailo okonza ndi kusintha Windows ochokera ku Microsoft. Tsiku lina magetsi anazima update ili mkati, kompyuta imodzi inakana kuyakanso, ndipo ntchito za ana a Fomu 4 zimene zinali mmenemo zinatayika. Aphunzitsi aakulu andiuza kuti ndizimitsiretu ma update onse. Ndikuwamvetsa, popeza ndi iwo amene amayankha mafunso a komiti pa za ndalama, koma mtima wanga ukukayika. Inu mumatani kumene muliko?

Wokonza makompyuta, Dedza boma

Aphunzitsi, pepani kwambiri chifukwa cha ntchito za anazo. Komabe ndikupemphani kuti musazimitsiretu. Poyamba tisiyanitse mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Pali ma update achitetezo, amene Microsoft imatulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse kuti atseke mipata imene ma virus amalowera. Palinso update yaikulu imene imabwera kamodzi pachaka n'kusintha mtundu wa Windows, monga kuchoka pa 23H2 kupita pa 24H2. Yaikuluyo mukhoza kuidikiritsa mpaka tchuthi popanda vuto, koma achitetezo aja sayenera kudumphidwa miyezi yambiri. Mu Meyi 2017 virus yotchedwa WannaCry inatseka mafailo m'makompyuta a m'maiko ambiri, kuphatikizapo a zipatala za ku Britain, chonsecho update yotseka mpata umenewo inali itatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Ambiri amene anagwidwa anali asanaiike.

Mwini shopu yotaipa ndi kusindikiza, Lizulu

Bambo, ndalemekeza mawu anu, koma ndilankhuleko monga munthu amene amadyera kompyutayi. Yanga ndinasiya kuipanga update zaka ziwiri zapitazo, ndipo ikugwira ntchito bwinobwino. Tsiku la msika anthu amakhala pamzere kufuna makalata ndi mafomu, ndiye sindingawauze kuti adikire chifukwa makina akudzikonza. Intaneti sindiilumikiza kawirikawiri. Kodi pamenepa ndikulakwitsa chiyani?

Wokonza makompyuta, Dedza boma

Mayi, nkhawa yanu ya makasitomala ndi yomveka, ndipo ambiri amene amabwera kwa ine amaganiza chimodzimodzi. Koma kumbukirani kuti ngakhale intaneti mulibe, ma flash a anthu amalowa m'kompyuta yanu tsiku lililonse, ndipo ena mwa iwo adutsa m'makompyuta ambiri asanafike kwa inu. Virus ija imene imabisa mafailo n'kusiya ma shortcut okha imayenda njira imeneyi. Microsoft Defender, pulogalamu ya mu Windows yolimbana ndi ma virus, imazindikira ma virus atsopano pokhapokha ikamalandira ndandanda yatsopano ya ma virus, ndipo ndandandayo sidya data yambiri ikamatsitsidwa pafupipafupi. Sankhani madzulo a tsiku limene si la msika, mulumikize, muisiye imalize. Mukatero simutaya kasitomala aliyense.

Mphunzitsi wa makompyuta, Mtakataka

Achimwene a ku Tsangano, vuto lanu ndi limene linandipeza chaka chatha, choncho ndifotokoza zimene ndimachita tsopano. Pa kompyuta iliyonse ndinalowa m'makonzedwe a netiweki n'kuyatsa metered connection. Mukatero Windows imadziwa kuti data yanu ndi yogula mopimira, ndipo imasiya kutsitsa ma update ambiri mwa yokha. Kenako ndinayatsa Delivery Optimization, n'kusankha kuti makompyuta azigawana ma update ndi anzawo a pa netiweki ya mu labu mokha. Zimenezi zimathandiza kuti chimene kompyuta imodzi yatsitsa, zina zitenge kwa iyo m'malo moti iliyonse idye bandulo payokha. Kumene kulibe netiweki ya mkati, mukhoza kutsitsa failo ya update kamodzi pa webusayiti ya Microsoft Update Catalog n'kuiika m'makompyuta onse ndi flash yopanda virus, koma muyambe mwalemba winver, lamulo loonetsa mtundu wa Windows, pa kompyuta iliyonse kuti mutenge failo yogwirizana ndi mtundu wake.

Za nthawi yake, ine sindithamangira tsiku limene update yatuluka. Ndimadikira sabata imodzi, kenako ndimachotsa metered connection pa kompyuta imodzi yokha, imene ili pa UPS (chipangizo cha batire chimene chimasunga moto magetsi akazima), ndi kuiika update. Ndimayesa pulinta, Word ndi Excel. Zonse zikakhala bwino, Lachisanu masana ana ataweruka ndimamaliza zotsalazo, ziwiriziwiri, ndipo iliyonse ndimailumikiza ku UPS nthawi yake ikafika. Ndisanayambe ndimakopera ntchito za ana pa hard disk yapadera, ndipo ndikupemphani kuti mfundo imeneyi musaiphonye, chifukwa kulira kwa mwana amene wataya ntchito ya teremu yonse ndinakuona ndi maso anga. Mayeso a MSCE akayandikira ndimagwiritsa ntchito Pause updates, imene imalola kuimitsa mpaka masabata asanu, kuti makina asasinthe kalikonse ana ali pa mayeso.

Woyang'anira makompyuta a muofesi, Ntcheu boma

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi a ku Mtakataka. Ndiwonjezereko za makompyuta asanu a Windows 10 aja, chifukwa nkhani yawo ndi ina. Microsoft inasiya kupereka ma update achitetezo aulere a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analowa mu ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi ya ma update achitetezo yotchedwa ESU. Onani ngati makompyutawo ali ndi zimene Windows 11 imafuna: kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, malo osachepera 64 GB ndi purosesa yovomerezeka. Ngati zilipo, muwakweze ku Windows 11 pa tchuthi. Ngati palibe, musawataye. Mukhoza kuwachotsa pa intaneti kuti akhale ophunzirira kutaipa basi, kapena kuikamo Ubuntu m'malo mwa Windows, makamaka mtundu wake wotchedwa LTS, umene umatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo umalandira ma update achitetezo kwa zaka zisanu. Koma musasinthe zimenezi pakati pa teremu, pakuti ana anazolowera Word ndi Excel ndipo adzafunika nthawi kuti azolowere LibreOffice, imene imagwira ntchito ya Word ndi Excel pa Ubuntu.

Mphunzitsi wa makompyuta, Tsangano

Zikomo kwambiri nonse. Ndayatsa kale metered connection pa makompyuta onse 14, ndipo asanu akalewo ndawachotsa pa intaneti mpaka ndione za TPM. Lolemba ndikakumana ndi aphunzitsi aakulu kuti ndiwapemphe zinthu ziwiri: bandulo yapadera ya update kamodzi pamwezi, ndi batire yatsopano ya UPS, popeza imene ilipo sikusunganso moto. Achimwene a ku Mtakataka, chonde mundiuze kuti pa tsiku la update mumagula bandulo yaikulu bwanji, kuti ndikalembe chiwerengero choyenera pa pepala lopita ku komiti.