Inshuwalansi ikukana ntchito imene clinical officer analoledwa kugwira: titani?

Akuluakulu a zaumoyo, thandizeni maganizo pa nkhani iyi. Clinical officer amaphunzira zaka 3, n'kuchita chaka chimodzi cha internship, kenako n'kulembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. M'zipatala za m'maboma ndi amene amachita maopaleshoni ambiri obereketsa amayi, kukonza hernia komanso kutsuka chiberekero mimba ikachoka.

Vuto limabwera akalowa ntchito kuchipatala cha pulayiveti. Mgwirizano wa inshuwalansi yoteteza chipatalacho odwala akachisumira umanena kuti opaleshoni iliyonse ichitike "moyang'aniridwa ndi dokotala", koma sufotokoza tanthauzo lake. Kodi dokotala akhale m'thiyeta momwemo, kapena kupezeka pa foni n'kokwanira? Usiku mayi akataya magazi kwambiri, palibe amene angadikire dokotala ali ku Blantyre. Clinical officer akachita opaleshoni yekha, mayiyo n'kuvulala chikhodzodzo n'kukasuma, kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ponena kuti ntchitoyo inali kunja kwa mgwirizano, ngakhale clinical officer sanaphwanye lamulo lililonse.

China n'chakuti mgwirizanowo ndi wa claims-made: umateteza milandu yokhayo imene yaperekedwa pamene inshuwalansi ikadali yamoyo. Munthu akasiya ntchito, mlandu n'kubwera patatha zaka 2, amene alipire ndani ngati palibe run-off cover, yomwe ndi inshuwalansi yoteteza milandu yobwera mgwirizano utatha?

Amene munakambiranapo ndi makampani a inshuwalansi, munalembetsa bwanji mndandanda wa maopaleshoni ololedwa mu mgwirizano? Kapena n'kwabwino kuti clinical officer akhale ndi inshuwalansi yakeyake?