Kodi njira yotsika mtengo yoimbira foni apongozi anga ku Morocco ndi iti?

Nachisale

Ndikulemba kuchokera mumzinda wa Lyon, m'dziko la France, kumene ndimakhala ndi banja langa. Amuna anga ndi a ku Morocco, ndipo mayi awo amakhala kumudzi wina m'chigawo cha Taroudant, kufupi ndi mapiri a Atlas. Apongozi angawa ndi achikulire, sadziwa kuwerenga, chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku ndi Tashelhit, ndipo foni yomwe ali nayo ndi ya mabatani, yopanda intaneti. Achibale okhala ku Agadir ndi ku Casablanca timacheza nawo pa WhatsApp popanda chovuta, koma kumudziko tikaimba mwachindunji ndi simu khadi yathu ya kuno, bilu ya pamwezi imakwera moti amuna anga afika pomadula macheza mayi awo asanamalize kufotokoza za mvula ndi mbuzi zawo. Kale tinkagula mphindi pa Skype, koma iyo inatsekedwa mu May 2025. Ndikupempha amene akudziwa bwino nkhaniyi atiunikire njira yomwe ingatithandize kulankhula nawo kawirikawiri popanda kuwononga ndalama zambiri.

Bambo a Tadala

Mayi Nachisale, ine ndili ku Brussels, kumene anthu ochokera ku Morocco ndi ambiri zedi, ndipo funso lanuli ndalimvapo kangapo kwa anzanga a kuntchito. Choyamba ndi kudziwa chomwe chimakweza mtengowo. Malamulo a mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya anathetsa ndalama zoonjezera za roaming, zomwe munthu ankalipira akagwiritsa ntchito foni yake m'dziko lina la mgwirizanowu, mu 2017, ndipo mu 2019 anaika malire a masenti 19 a yuro pa mphindi, msonkho usanaonjezedwe, kwa munthu woimba kuchokera m'dziko lina la mgwirizanowu kupita ku linzake. Morocco sali mu mgwirizano umenewu ngakhale kuti ali pafupi kwambiri ndi Spain, kotero kampani iliyonse imadziikira mtengo wake, ndipo ambiri amangozindikira izi bilu itafika.

Chachiwiri, yang'anani nambala yomwe mukuimbayo. Ku Morocco manambala a foni za m'manja amayamba ndi 06 kapena 07, pamene a foni zapansi amayamba ndi 05, ndipo mukamaimba muli kunja mumayamba ndi +212 n'kuchotsa ziro woyambayo. Kuimbira foni ya m'manja kumadula kwambiri kuposa kuimbira foni yapansi, chifukwa kampani ya kuno imalipira kampani ya uko pa mphindi iliyonse yomwe yalowa pa netiweki yake. N'chifukwa chake mabokosi ena a intaneti ya m'nyumba ku France amalola kuimbira foni zapansi za ku Morocco popanda kulipira mwapadera, koma za m'manja ayi. Werengani bwino mgwirizano wa bokosi lanu, chifukwa ngakhale pakati pa manambala oyamba ndi 05 alipo ena omwe amapatulidwa.

Popeza apongozi anu ali ndi foni ya m'manja yokha, njira zanu ndi ziwiri. Mukhoza kugula simu khadi yachiwiri ya makampani omwe amalunjika pa anthu obwera, monga Lebara kapena Lycamobile, n'kumaigwiritsa ntchito poimbira ku Morocco kokha. Kapenanso mukhoza kugula mphindi pa mapulogalamu monga Rebtel ndi Viber Out, omwe mumawaika pa foni yamakono kumbali yanu, pamene wolandirayo foni yake imangolira monga mwa masiku onse. Poyerekeza mitengo musamangoona nambala yaikulu yolembedwa pa chikwangwani. Funsani ngati pali ndalama yomwe amadula foni ikangolumikizika, ngati amawerengera pa sekondi kapena pa mphindi yathunthu, komanso ngati mphindi zotsala zimapsa mwezi ukatha.

Wophunzira wakale wa ku Fès

Zomwe afotokoza Bambo a Tadala n'zoona, koma ine ndikuona kuti ndalama yanu ingagwire ntchito yaikulu mutaiwonongera kumbali ya Morocco osati ya France. Ndinakhalako m'dzikolo pa nthawi ya maphunziro anga, ndipo intaneti ya pa foni kumeneko ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi mtengo wa mphindi zochokera ku Ulaya. Makampani alipo atatu: Maroc Telecom, Orange Maroc yomwe kale inkatchedwa Méditel, ndi Inwi. Munthu amapita kukagolosale kapafupi, komwe iwo amati hanout, n'kugula mayunitsi a ma dirham ochepa, ndipo poika mayunitsiwo amaonjezera *3 kumapeto kuti asanduke bandulo ya intaneti. Inu muli ku Lyon mukhoza kuwatumizira mayunitsiwo kudzera pa webusaiti ya kampani yawo kapena pa mapulogalamu monga Ding, popanda iwo kuchoka pakhomo.

Kulankhula ndi mawu okha pa WhatsApp nthawi zambiri sikufika pa megabayiti imodzi pa mphindi, kutanthauza kuti bandulo yaing'ono ikhoza kukwanira macheza a maola ambiri, malinga ngati kamera siyatsidwa. Choncho kugula foni yamakono yotchipa kamodzi n'kumaithirira bandulo mwezi ndi mwezi kumabweza ndalama yake posachedwa. Kusadziwa kuwerenga si chopinga chachikulu monga mmene anthu amaganizira. Ndinaona amayi ambiri achikulire akutumiza ndi kulandira mauthenga a mawu, chifukwa amangozindikira chithunzi cha mwana wawo ndi kachizindikiro ka maikolofoni, basi.

Mwina mudzamva wina akunena kuti kuimba pa WhatsApp n'koletsedwa ku Morocco. Nkhaniyo ndi yakale. Mu January 2016 makampani atatu aja anatseka kuimba kwa pa intaneti mothandizidwa ndi bungwe la ANRT, lomwe limayang'anira za mafoni m'dzikolo, ndipo omwe anadandaula kwambiri anali mabanja okhala ndi achibale kunja. Chiletsocho chinachotsedwa chaka chomwecho, patatsala pang'ono kuti msonkhano wa zanyengo wa COP22 uchitike ku Marrakech mu November.

Nachisale

Zikomo nonse awiri. Za foni yamakono tinaziganizirapo, koma apongozi anga amakana, akuti galasi lake limachita zinthu lokha akaligwira ndi manja a ufa. Komanso netiweki kumudziko imavuta, moti mdzukulu wawo akafuna intaneti amachita kukwera padenga la nyumba. Kodi zikatero njira ya WhatsApp ikhoza kudalirikabe?

Mayi Phiri a ku Sharjah

Mchemwali, pamenepo ndiye ndisiyana maganizo ndi mbale wathu wa ku Fès. Kumene netiweki ili yofooka, foni wamba imalowa bwinobwino pamene ya pa intaneti ikuduladula mawu, ndipo munthu wachikulire akaona kuti mawu akuchedwa kufika amayamba kukuwa kapena kungodula, poganiza kuti mbali inayo palibe munthu. Ngati apongozi anu amakonda foni yawo ya mabatani, asiyireni yomweyo, inu mugule mphindi zotsika mtengo monga anenera Bambo a Tadala. Foni yamakonoyo ikhale ndi mdzukuluyo, ndipo mugwirizane tsiku limodzi pa sabata, mwina Lachisanu akatha kudya chakudya chawo cha couscous banja lonse lili pamodzi, loti muzionana pa kanema. Pa masiku enawo agogowo azingoflasha, inu n'kuwaimbira, popeza ku Morocco wolandira foni salipira kanthu.

Ndionjezere mawu kwa ena omwe angawerenge izi ali kuno ku United Arab Emirates, kumene kulinso anthu ambiri a ku Morocco ogwira ntchito m'mahotela ndi m'masitolo. Kuno kuimba pa WhatsApp sikutheka ngakhale kuti mauthenga amapita, kotero anthu amagwiritsa ntchito mapulogalamu ovomerezeka monga Botim, zomwe zikutanthauza kuti achibale a kumudzi ayeneranso kuika pulogalamu yomweyo m'foni zawo.

Bambo a Tadala

Maganizo a Mayi Phiri ndawakonda, ndipo ndingoikapo ziwiri. Mukamapangana nthawi yoimba, kumbukirani kuti mu 2018 Morocco anasankha kukhala pa GMT+1 chaka chonse, kupatula m'mwezi wa Ramadan pamene amabweza mawotchi ndi ola limodzi. Pa dongosolo limenelo, m'nyengo yozizira ya ku Ulaya nthawi yawo imafanana ndi ya ku France, m'nyengo yotentha France amatsogola ndi ola limodzi, ndipo Ramadan ikafika kusiyanako kumakula ndi ola lina. Mphindi zambiri zimapita pachabe chifukwa choimba anthu ali pa mapemphero kapena akumasula, foni n'kuyankhidwa ndi mwana yemwe akuyamba kufunafuna agogo ake inu mukulipira.

China n'chokhudza ulendo. Ngati banja lanu lili m'gulu la mabanja ambirimbiri omwe amabwerera kwawo pakati pa June ndi September, pa nthawi ya Opération Marhaba, ndondomeko yolandira anthu a ku Morocco okhala kunja, zimitsani intaneti ya pa simu khadi yanu ya ku France musanakwere sitima ya pamadzi ku Algeciras, m'dziko la Spain, chifukwa mukafika padoko la Tanger Med foni imalumikizika ku netiweki ya Morocco pa mtengo wa roaming womwe sutetezedwa ndi malamulo a ku Ulaya aja. Mukatsika, gulani simu khadi ya komweko ndi pasipoti yanu. Mukafika kumudzi, yesani makampani onse atatu pakhomo penipeni pa apongozi anu, m'chipinda momwe amakonda kukhala, chifukwa m'madera a mapiri kampani yomwe imamveka bwino pamudzi wina ikhoza kusoweratu pamudzi woyandikana nawo. Yomwe yamveka bwinoyo ndiyo muwagulire, ndipo musunge nambala ya amuna anu pa batani limodzi la foni yawo kuti akafuna kuflasha azingolidina n'kuligwiritsa kwa kamphindi.