Kodi filimu ya Neria imatsutsa mwambo kapena dyera?

Nangozo (Bembeke):
Akuluakulu, funso langa likukhudza filimu yakale ya ku Zimbabwe yotchedwa Neria, imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 motsogozedwa ndi Godwin Mawuru, kuchokera pa nkhani ya Tsitsi Dangarembga. Ambiri timaikumbukira chifukwa cha nyimbo ya malemu Oliver Mtukudzi, amene anaseweramonso ngati Jethro, mlongo wake wa Neria. Anthu akamaifotokoza amangoti imasonyeza kuti miyambo ya makolo imazunza amayi amasiye ndipo khoti ndi limene limawapulumutsa, koma ine kumasulira kumeneku sikundifika pamtima. Phineas, m'bale wake wa malemu Patrick amene anali mwamuna wa Neria, amatenga ndalama za ku banki, katundu wa m'nyumba ngakhalenso ana, akunena kuti akutsata mwambo, komabe Mavis, mwana wamkazi wa Neria, atadwala mwakayakaya iye amakana kuthamangira naye kuchipatala. Kodi ndi mwambo uti umene umapatsa munthu chuma cha masiye n'kumuchotsera udindo wolera ana a malemuyo? Kodi filimuyi ikudzudzula mwambo, kapena munthu amene wabisala kuseri kwa mwambo?

Mphunzitsi Wopuma (Lizulu):
Mayi Nangozo, mwaona bwino, ndipo yankho lili mwa Ambuya, apongozi ake a Neria, amene oonera ambiri samawalabadira. Poyamba gogoyu samukonda mpongozi wake chifukwa amamuona ngati mkazi wa m'tauni amene wamulanda mwana. Akanakhala kuti olemba ankafuna kunyoza mwambo, gogoyu akanakhala wouma mtima mpaka pamapeto, pakuti iye ndi amene akuimira moyo wa kumudzi. Koma ndi iye yemweyo amene amadzazindikira kuti mwana wake Phineas watenga mbali ya mwambo yokhayo imene ikumukomera, n'kutaya mbali yolemetsa ya kusamala banja la m'bale wake, ndipo amatembenuka n'kuima ndi Neria.

Taonaninso kuti Neria, ngakhale atapambana kukhoti, sathawa mwambo wa chokolo. Amakakhala pabwalo pamaso pa achibale, nakana kulowedwa ndi mlamu wake, ndipo amakana mwa njira imene mwambo womwewo umalola. Kwa ine gawo limeneli ndi lakuya kuposa chigamulo cha khoti, chifukwa khoti linamubwezera katundu, pamene pabwalopo anatenganso ulemu wake pakati pa anthu amene ana ake adzawatchabe achibale.

Jere (Tsangano):
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, ine ndikuona kuti mukuupeputsira mlandu mwambowo. N'zoona kuti Phineas ndi wadyera, koma khomo lolowera anamutsegulira ndani? Pamene ankasesa katundu, achibale analipo, ndipo Ambuya amene mukuwayamikirawo anachedwa kwambiri kulankhula. Mwambo umene umayenda bwino pokhapokha wolowa m'malo akakhala wachifundo sungamuteteze mayi wamasiye, popeza iye sasankha kuti mlamu wake akhale wotani. Neria anapulumuka chifukwa mnzake Connie anamulimbikitsa kupita kwa loya. Kuno kwathu nakonso zinafika poti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Malamulo otere sapangidwa pamene mabanja akutha kuthetsa okha nkhani zawo.

Ndiwonjezere kuti munthu amene filimuyi imamudzudzula mwakachetechete ndi Patrick weniweniyo. Ankamukonda mkazi wake, nyumba anakonza limodzi, ndipo khalidwe la m'bale wake ankalidziwa, koma anamwalira osalemba wilo. Amuna ambiri timaonera filimuyi tikukwiyira Phineas, pamene wofanana nafe kwenikweni ndi Patrick.

Mkamwini wa ku Linthipe:
Ndikugwirizana ndi a Jere pa za wilo, koma tisamale posamutsa nkhani ya Ashona n'kuiika m'midzi yathu ngati kuti zonse n'zofanana. Kwa iwo mwamuna amapereka malowolo ndipo ana amawerengedwa ku mtundu wa bambo, n'chifukwa chake Phineas akutha kutenga anawo popanda womuletsa. M'midzi yambiri ya Achewa kuno ku Dedza, kumene ukwati ndi wachikamwini, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo amene ali ndi mawu pa iwo ndi atsibweni awo. Kumeneko mkazi akamwalira, amene amasudzulidwa n'kubwerera kwawo ndi bambo, kusiya nyumba imene anaumbira yekha njerwa ndi munda umene waulima zaka zambiri, chifukwa malowo ndi a kuchikazi. Mkazi amene anapita kuchitengwa ndi amene zimamuonekera mofanana ndi za Neria.

Choncho ine ndikaonera filimuyi sindiona nkhani ya amuna ndi akazi yokha. Ndimaona funso la munthu amene wakhetsa thukuta pamalo amene mtundu umati si pake, ndipo maliro akangotha amakumbutsidwa kuti anali mlendo. Chimene ndimaidandaula filimuyi n'chakuti Phineas anamuipitsa mopitirira muyeso, mwina chifukwa cholinga chinali kuphunzitsa anthu za malamulo. Olanda chuma enieni sabwera mwaukali chotero, amabwera akulira nafe pasiwa, ndipo katunduyo amati akungomusunga.

Nangozo (Bembeke):
Zikomo nonse. A Jere, mfundo ya Patrick sindikuitsutsa, koma pa za Ambuya ndikadali kumbali ya aphunzitsi, pakuti chigamulo cha khoti sichikanaletsa achibale kumusala Neria gogoyu akanapanda kutembenuka. A ku Linthipe, kodi lamulo la 2011 limamuthandiza bwanji mkamwini pa nyumba imene inamangidwa pamalo a makolo a mkazi wake? Ngati pali wodziwa malamulo pakati pathu, atimasulire mbali imeneyi.