Corona inatha koma bambo a kunyumba sanasiye makanema olaula, nditani?

Admin, ndibisireni dzina chonde. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Bangula, pabanja ndatha zaka 12.

Amuna anga ankagwira ntchito mu resitilanti ku Johannesburg. South Africa itatseka zonse kumapeto kwa March 2020, ntchito inathera pomwepo. Anakhala miyezi iwiri ali bindikiro m'kachipinda, kenako anabwera pa mabasi aja ankalowera pa Mwanza. Ndinathokoza Mulungu kuti abwera amoyo. Koma anabwera ndi khalidwe lomwe sanapite nalo, loonera makanema olaula pafoni.

Nditawapezerera sanakane. Anati anayamba chifukwa cha nkhawa ndi kusowa chochita, ndipo poti tsopano ali pafupi nane asiya. Mpaka lero. Mukudziwa kutentha kwa kuno mu October, tonse timagona pakhonde. Iwo amanyamula mphasa kukagona kuseri kwa nyumba, foni m'manja mpaka tambala woyamba. Ya bandulo siisowa, ngakhale tsiku loti ndiwo tatenga pangongole.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuchipinda. Timatha mwezi osakhalira malo amodzi. Tsiku loti andifuna, amati ndichite zomwe aona m'makanemamo, zina zopweteka, ndikakana amangotembenukira kukhoma. Sanandimenyepo, za chibwenzi sindinamvepo, ana amawasamala. Koma ine ndasanduka ngati mlongo wawo, ndipo ndimawakondabe.

Ndikauze ankhoswe? Nkhoswe yanga ndi achimwene anga enieni, ndikayambira pati? Kutchalitchi ndikuopa kuti nkhani ingamveke msika wonse. Alipo amene amuna awo anasiya zimenezi?

Mayi wina wa ku Ngabu:
Achemwali, musayambe n'kuphwanya foni, ine ndinaphwanya anangogula ina. Musakambirane usiku pamphasa. Sankhani masana ana atapita kusukulu, muwauze momwe mukupwetekera, osati kuwatchula mayina. Koma zopwetekazo musalole, thupi ndi lanu.

Bambo wina wa ku Nchalo:
Ndinali momwemo nthawi ya corona. Chinandithandiza n'kusiya foni pabalaza pokagona komanso kuuza mnzanga mmodzi wodalirika. Ndinabwererako kangapo ndisanasiyiretu. Kodi bambowo akugwira ntchito panopa?

Mwini funso:
Ayi achimwene, amangogwira maganyu m'minda ya nzimbe akapezeka, masiku ambiri amakhala pakhomo. Za masanazo ndiyesa Lachitatu. Nanga akakana kukambirana, ndipite kwa alamu anga kapena ndidikire kaye?