Ziwengo za amuna anga chaka chachiwiri, thandizeni

Membala wobisa dzina: A admin mundibise dzina. Amuna anga akuvutika ndi ziwengo chaka chachiwiri tsopano. Zimatuluka madzulo kumsana ndi m'ntchafu, kukacha zazimirira, mawa zabweranso. Usiku thupi moto, mafupa a m'miyendo kuwawa. Malungo ayezetsa kanayi, palibe. Piriton amwa mpaka kuwodzera pantchito. Apongozi anga ku Katete akuti ine ndinawadyetsa mwana wawo, chonsecho feteleza wa kumunda kwawo ndimagula ndine. Alamu anga anatenga K800 mpaka lero zii. Kuchipatala anati m'magazi muli chinachake chachilendo. Nditani?

Mchewa Weniweni: Kapenta ameneyo amai! Asiye kapenta, nkhumba ndi sopo wonunkhira. Ine sabata imodzi ndinachira.

Amake Mapasa: Ine za K800 zandiwawa. Wanga mlamu anapita ndi njinga ku Lundazi, anabwera wapansi.

Mchewa Weniweni: Ndati KAPENTA.

Wa mu Labu: Amai, chachilendocho analemba chiyani papepala? Nanga bambo ali ndi zaka zingati? Ziwengo zosamva Piriton, kutentha thupi, mafupa kuwawa, mwina ndi mwanabere, m'magazi mukapezekanso puloteni ya IgM ya mtundu umodzi yochuluka, madokotala amaganizira Schnitzler syndrome. Ndi matenda osowa kwambiri, anawafotokoza dokotala wa khungu wa ku France, Liliane Schnitzler, mu 1972. Amakonda kuyamba munthu ali cha m'ma 50. Sindikuti ndi amenewo. Pemphani kalata yopita ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, akayeze mapuloteni a m'magazi (serum protein electrophoresis).

Mchewa Weniweni: Za ku France zifika bwanji ku Kapata, ku Chipata? Mufuna anthu athe ndalama pa basi ya Lusaka.

Agogo Aakazi: Mwanawe, za apongozi sitiyanika pagulu. Kunalibe alangizi kwanu?

Wa mu Labu: Akulu, kapenta sawawitsa mafupa zaka ziwiri. Akakhala matendawa, jekeseni ya anakinra tsiku lililonse imathandiza msanga, ndipo magazi ayenera kuyezedwa pafupipafupi chifukwa ena pakapita zaka amadwala khansa ya m'magazi.

Amake Mapasa: Khansa?? Mwamuopseza mnzathu.

Membala wobisa dzina: Pepalalo anatenga apongozi, akuti akaonetse abusa awo. Nanga za K800 ndipite kwa a mfumu?

Mchewa Weniweni: Mwasiya kapenta koma?