Ndikubwera kudzaoda ku Joni koyamba, anthu a malonda ndikakumana nawo kuti?

Wa pa Boma (Mangochi): Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi kashopu ka zovala ndi zikwama pafupi ndi msika, ndipo chaka chino ndikufuna kubwera ndekha kudzaoda m'malo momangotuma matransipota. Koma sindikufuna kungogula n'kubwerera, ndikufuna ndidziwane ndi anthu oti tizichitira limodzi malonda. Ndiyambire pati?

Amalume a ku Namwera (Mayfair): Mphwanga, koodako n'kosavuta. Ukatsika pa Park Station aliyense akulozera ku Dragon City, China Mall kapena Oriental Plaza ku Fordsburg. Koma m'mashopu mmenemo palibe wokhala nawe pansi, amawerenga marandi ako n'kuitana wina. Usankhe tsiku la ulendo moyang'ana nthawi imene anthu amasonkhana. Kwa ife ndi mwezi wa Ramazani pofuturu, tsiku la Idi, ndiponso Loweruka loyandikana ndi 6 July pamene Amalawi amakumbukira ufulu wa 1964. Pamenepo upeza telala, dalaivala wa thiraki, wokonza mafoni ndi mayi wa zitenje atazungulira mphika umodzi.

Achemwali a ku Malindi (Bellville): Amalume anena zoona. Ndiwonjezereko ichi achimwene: musafike pa chikondwerero mutanyamula chikwama cha malonda. Anthu abwera kudzapuma, sabata yonse agwira ntchito m'magaladeni ndi m'makhitchini a eni ake. Fikani msanga, nyamulani mipando, kolezani makala a kanyenya, funsani amene akuphika ngati akusowa madzi. Wogawa mbale amalankhula ndi munthu aliyense, ndipo pomafika madzulo anthu amakhala akufunsana kuti mnyamata uja ndi wa kwa ndani. Ine makasitomala anga a zitenje ambiri anayamba n'kundifunsa kumene ndinasokera diresi limene ndinavala tsikulo. Sindinatsatse, anafunsa okha.

Wa ku Makanjira (Durban): Zikondwererozo n'zabwino koma zimabwera kamodzi pachaka. Ine ndimakhulupirira kwambiri misonkhano ya gulu la maliro, lija timasonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akatisiya thupi lipite kumudzi. Mungadabwe kuti maliro akukhudzana bwanji ndi malonda, koma kumeneko kuli buku, ndipo bukulo limaonetsa amene amapereka pa nthawi yake ndi amene amangolonjeza. Chipereganyu, chimene kuno amati stokvel, n'chimodzimodzi. Munthu amene msungichuma wa gulu wamuikira umboni mutha kumusiyira katoni ya nsapato osagona m'maso. Pemphani amalume akutengeni ngati mlendo.

Achemwali a ku Malindi (Bellville): Eya, umboni wa munthu wachitatu ndi umene umagwira ntchito. Nambala ya foni aliyense amapereka.

Wa ku Makanjira (Durban): Ndipo chenjerani ndi misonkhano ina ya m'maholo imene amalipiritsa pakhomo, amuna a masuti n'kumakuuzani kuti mukaika ndalama ndi kubweretsa anzanu awiri mulemera. Mnzanga wa kwathu anataya mpamba wake wonse mwa njira imeneyo, mpaka lero akubwezabe ngongole. Ngati simukuona katundu amene akugulitsidwa, tulukani.

Wa ku Monkey Bay (Randburg): Ine ndisiyaneko nanu pang'ono. Tikamangosonkhana tokhatokha timagulitsana zinthu zomwezo pa mtengo womwewo. Achimwene, eni katundu wambiri si Amalawi. Ku Mayfair kwadzaza Asomali, ku Fordsburg kuli amalonda ochokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh, ndipo Lachisanu mumaswali nawo mzere umodzi. Mukatuluka mu mzikiti perekani salamu, nenani kumene mwachokera, musathamangire za mitengo. Kumapeto a sabata madzulo pitani pa msika wa Fordsburg Square, mukadye ndi kuona zimene anthu akugula. Pa 24 September kuno ndi Heritage Day, aliyense amavala za kwawo n'kuotcha nyama, ndipo mlendo wovala chitenje kapena kanzu sasowa womufunsa nkhani. Nthawi ya Pasaka kumakhala Rand Show ku Nasrec, kumene makampani amaonetsa katundu wawo ndipo mumalankhula ndi oimira kampaniyo maso ndi maso.

Amalume a ku Namwera (Mayfair): Zimenezo sindikutsutsa, koma woyamba kumene ayambe ndi akwawo, ndi amene angamuperekeze kwa enawo. Tsono mphwanga, za mapepala. Pa Beitbridge Mmalawi amaloledwa masiku osapitirira 30, ndipo nthawi zina amadinda ochepa, choncho uwerenge deti lomwe alemba usanachoke pa windo. Ukapyoletsa amakuletsa kulowanso kwa chaka, ukapyoletsa kwambiri zaka zisanu, ndiye maubwenzi onse wapangawo adzangokhala a pa foni. Chidindo chimenecho n'cha mlendo, si cha ntchito kapena choyalira malonda pamsewu. Pasipoti uziyenda nayo ngakhale ku chikondwerero.

Achemwali a ku Malindi (Bellville): Mukalandira nambala, lembani pomwepo dzina, kwawo ndi zimene amachita, chifukwa mukafika ku Tete mudzakhala mutasokoneza onse. Mawa lake tumizani uthenga wothokoza. Mukayamba kutumizirana ndalama pa Mukuru, yambani ndi oda yaing'ono, muone ngati katunduyo afika pa Boma monga munagwirizanira.

Wa pa Boma (Mangochi): Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Ndasankha sabata la 6 July. Amalume, ndingafikire kwanu?

Amalume a ku Namwera (Mayfair): Ufike Lachinayi kuti Lachisanu tikaswalire limodzi, Loweruka ukathandize kuphika, kuoda uyambe Lolemba utamva kale mitengo kwa anzako. July kuno kumazizira kwambiri, si ngati kunyanja, ndiye utenge jekete lochindikala. Basi ikadutsa Musina undiimbire.